Mmene mungasankhire swichi yotsika mtengo yopatsa magetsi makamera achitetezo a pakhomo

Makamera ambiri achitetezo amene ali pamsika masiku ano, monga a Hikvision, Dahua, Reolink ndi a TP-Link a mtundu wa VIGI, amalandira magetsi kudzera pa waya yemweyo amene amatumizira zithunzi. Njirayi imatchedwa PoE, ndipo imakupulumutsani ku ntchito yoika soketi pafupi ndi kamera iliyonse, kaya pageti, pakona ya mpanda kapena pansi pa denga la khonde. Chimene chimagawa magetsiwo n'kusonkhanitsa zithunzi zonse ndi swichi ya PoE, kabokosi kokhala ndi mapoti, omwe ndi mabowo olowetsamo mawaya a netiweki. Swichi yotsika mtengo imatha kugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri, bola wogula awerengere magetsi asanapite kusitolo. Ambiri amangowerenga mapoti basi, ndipo ndalama zawo zimatayikira pomwepo.

Yambani ndi kutsimikiza kuti swichiyo mukuifunadi. Tembenuzani kamera yanu muone mchira wake. Ngati uli ndi polowetsa waya wa netiweki, pofanana ndi pa kompyuta, ndipo pabokosi palembedwa PoE, ndiye kuti malangizowa ndi anu. Ngati uli ndi kachitsulo kozungulira kochita kupotokola, kameneka ndi ka makamera a analogi amene amalumikizidwa ku DVR, makina osungira zithunzi a makamera a mtundu umenewo, ndipo swichi ilibe nawo ntchito. Makamera ambiri a Wi-Fi nawonso amadalira adaputa yawoyawo. Onaninso kumbuyo kwa NVR, makina amene amasunga zithunzi aja: ma NVR ambiri a pakhomo amabwera ndi mapoti awo a PoE anayi kapena asanu ndi atatu, ndipo ngati mawaya onse angafike pamene pali NVR, simukufunika kugula kanthu kena. Kamera ikakhala imodzi yokha, kachipangizo kolowetsa magetsi mu waya mmodzi wa netiweki, kotchedwa PoE injector, n'kokwanira ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Swichi imafunika pamene NVR ilibe mapoti a PoE, pamene mapotiwo atha, kapena pamene makamera angapo ali mbali imodzi ya nyumba, kutali ndi NVR, moti ndi bwino kuwasonkhanitsa konko n'kukoka waya mmodzi yekha wobwera m'nyumba.

Mukatsimikiza zimenezo, tengani pepala mulembe magetsi amene kamera iliyonse imadya. Nambalayo imalembedwa m'mawati, ndi chilembo W, pabokosi kapena pa pepala la tsatanetsatane wa kamerayo limene limapezeka pa tsamba la intaneti la kampani yopanga. Tengani nambala yapamwamba kwambiri, yolembedwa kuti max. Chifukwa chake n'chakuti kamera imadya mosiyana masana ndi usiku. Dzuwa likamalowa, mukaima pafupi ndi kamera mumamva kakuti "ke" m'kati mwake, kenako timagetsi tofiirira tozungulira diso lake timayaka kuti izitha kuona mumdima. Nthawi imeneyo kamera imene masana imadya mawati atatu kapena anayi ingathe kufika pa asanu ndi awiri kapena kuposa. Makamera okhala ndi nyali yoyera, sipika kapena alamu amadya zoposa pamenepo, ndipo makamera otembenuka, otchedwa PTZ, amene ali ndi timainjini m'kati, nthawi zambiri amapitirira mawati 15.

Tsopano phatikizani manambalawo. Tiyerekeze kuti pakhomo pali makamera anayi, awiri a mawati 7 ndi awiri a mawati 9. Onse pamodzi akwana mawati 32. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi a nambalayo, popeza magetsi ena amathera m'waya ngati kutentha, ndiponso si bwino kuti chipangizo chizigwira ntchito pamalire a mphamvu zake usiku uliwonse. Zikatero mwapeza mawati 40. Nambala imeneyi ndi imene mupite nayo kusitolo, ndipo muifananitse ndi chimene pabokosi la swichi chimalembedwa kuti PoE budget kapena total PoE power, kutanthauza magetsi onse amene swichiyo ingagawire makamera nthawi imodzi.

Pano m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa mabokosi amalembedwa mokopa. Mupeza palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti poti iliyonse imatulutsa mpaka mawati 30, ndipo zimenezo si zabodza ayi, koma sizitanthauza kuti mapoti onse angatulutse mawati 30 nthawi imodzi. Zili ngati thanki imodzi ya madzi yokhala ndi mipope isanu ndi itatu: mpope uliwonse ungatulutse madzi ambiri utatsegulidwa wokha, koma yonse ikatsegulidwa imagawana zimene zili m'thankimo. Swichi ya mapoti 8 ikanafunika mawati 240 kuti ikwaniritse lonjezolo pa mapoti onse, pamene maswichi ang'onoang'ono otsika mtengo amakhala ndi mawati apakati pa 50 ndi 70, ndipo okulirapo pang'ono amakhala pafupifupi ndi 120 kapena kuposa. Swichi ya mapoti 8 yokhala ndi mawati 60 imapereka mawati 7.5 okha pa kamera iliyonse mukaidzaza. Masana zonse zimaoneka bwino, koma madzulo timagetsi tija tikayaka swichi imazimitsa kamera imodzi kuti idziteteze, kamerayo imayakanso, n'kuzimanso, mpaka kucha. Pa maswichi ambiri, kuphatikizapo a TP-Link, poti ya nambala yaikulu ndi imene imayamba kudulidwa, choncho kamera ya pageti kapena ya pakhomo lolowera muiike pa poti 1.

Pa chitsanzo chathu chija, swichi ya mapoti anayi a PoE yokhala ndi mawati oposa 50 ikukwanira bwinobwino. Koma mukawonjezera kamera yotembenuka ya mawati 18, chiwerengero chifika pa 50, ndipo ndi gawo lowonjezera lija chipitirira 60. Apa swichi yaing'onoyo yachepa mbali zonse ziwiri, mapoti ndi magetsi omwe, ndipo muyenera kuyang'ana ya mapoti 8 yokhala ndi mawati oposa 100. Pali chinanso chimene chimadabwitsa anthu. Maswichi ena, makamaka okonzedwera maofesi, sawerengera magetsi amene kamera ikudyadi koma amaisungira mlingo wonse wa gulu lake. Kamera ikadzidziwitsa kuti ili m'gulu la mawati 15.4, swichi yotere imaisungira onsewo ngakhale ikudya asanu okha, moti swichi ya mawati 60 ingayatse makamera atatu n'kukana yachinayi.

Chotsatira ndi kuona muyezo umene swichiyo imatsatira, ndipo pa mfundo iyi sindingalangize munthu kuti anyengerere mtengo. Bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linakhazikitsa muyezo wa 802.3af mu 2003, umene umalola mawati 15.4 pa poti, ndipo mwa amenewo 12.95 ndi amene amatsimikizika kufika ku kamera. Mu 2009 kunabwera 802.3at, wodziwika kuti PoE+, wa mawati 30 pa poti ndi 25.5 ku kamera. Wa 802.3bt, umene unatuluka mu 2018, umafika mawati 60 ndi 90, koma pakhomo wamba sufunika kawirikawiri. Makamera okhazikika ambiri amakhutira ndi 802.3af, pamene otembenuka amafuna 802.3at. Popeza swichi ya 802.3at imayendetsanso makamera a 802.3af, yang'anani bokosi lolembedwa zonse ziwiri.

Phindu la miyezoyi si mawati okha. Swichi yotsatira muyezo imayamba yatumiza magetsi ochepa kwambiri kuti ione ngati chili kumapeto kwa waya ndi chipangizo cholandira PoE, ndipo ikatsimikiza m'pamene imatulutsa magetsi ake a 48V kapena kuposerapo pang'ono. Mukalowetsa laputopu pa poti yotere sipsa, chifukwa swichi siitumizira magetsi. Koma pamsika palinso maswichi ndi ma injector otchedwa passive PoE, amene amangokankha magetsi, kawirikawiri 24V, pa chilichonse cholumikizidwa popanda kufunsa. Amenewa anakonzedwera zipangizo zina za Wi-Fi, monga zina za Ubiquiti ndi MikroTik. Kamera ya 802.3af siyaka pa 24V, ndipo chipangizo chosayembekezera magetsi pa waya wa netiweki chingathe kuwonongeka. Ngati pabokosi ndi pansi pa swichi pangolembedwa PoE popanda 802.3af kapena 802.3at, isiyeni ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Kenako werengani mapoti, koma muwerenge okhawo opereka magetsi. Swichi ya TP-Link TL-SG1008P, mwachitsanzo, ili ndi mapoti asanu ndi atatu, koma a PoE ndi anayi okha, ndipo enawo ndi a netiweki wamba. Kampaniyo siibisa zimenezi, kungoti wogula wothamanga amaona mabowo asanu ndi atatu n'kuganiza kuti wapeza malo a makamera asanu ndi atatu. Mapoti a PoE nthawi zambiri amakhala ndi mzere kapena chizindikiro chowasiyanitsa ndi anzawo. Kupatula a makamera, mufunika poti yopita ku NVR, yotchedwa uplink, ndi inanso yopita ku rauta ngati mukufuna kuona zithunzi pa foni muli kutali. N'chifukwa chake swichi ya mapoti 6, anayi a PoE ndi awiri a uplink, monga TL-SF1006P, imathandiza kwambiri kuposa ya mapoti 5. Siyaninso poti imodzi kapena ziwiri zopanda kanthu, popeza mwininyumba akaona mmene makamera akugwirira ntchito sachedwa kufuna ina ya kuseri kwa nyumba.

Pa nkhani ya liwiro mungathe kupulumutsa ndalama popanda mantha. Kamera ya mamegapikiselo anayi nthawi zambiri imatumiza pakati pa 4 ndi 8 Mbps (mlingo wa liwiro la netiweki), choncho poti ya 100 Mbps imaikwanira mpaka kutsala, ndipo kulipira zambiri kuti poti iliyonse ya kamera ikhale ya gigabit, kutanthauza 1000 Mbps, n'kosafunika. Pamene gigabit imafunika ndi pa uplink, chifukwa zithunzi za makamera onse zimadutsa pamenepo. Makamera anayi amadutsa bwino pa uplink ya 100 Mbps, koma asanu ndi atatu otumiza 8 Mbps iliyonse akwana 64 Mbps, ndipo apo njira yayamba kuthina.

Swichi yabwino imaoneka ngati yoipa ikapatsidwa waya woipa, choncho waya mumusankhire limodzi ndi swichi. Malire a waya wa netiweki ndi mamita 100 kuchokera pa swichi kufika pa kamera, ndipo muyeze njira yeniyeni imene wayayo adzadutse, kukwera khoma, kuyenda m'siling'i ndi kutsikanso, osati mtunda wongolunjika. Waya wa mtundu wa Cat5e ndi wokwanira, Cat6 ndi wabwinoko, koma chofunika kuposa dzinalo n'chakuti akhale wa mkuwa weniweni. Mabokosi ambiri otsika mtengo a mamita 305 amakhala ndi waya wa CCA, yemwe ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha. Aluminiyamu sadutsitsa magetsi bwino ngati mkuwa, moti pa mtunda wautali kamera imalandira magetsi operewera ndipo imayamba kuzimazima usiku ngakhale swichi ili ndi mawati okwanira. Amathyokanso msanga akapindidwa kangapo. Kumuzindikira n'kosavuta: sendani kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni, ndipo pakatuluka poyera ngati siliva ndiye kuti ndi CCA, pamene mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka m'kati. Bokosi la CCA limapepukanso mukalinyamula. Onaninso kuti m'katimo muli timawaya tonse tisanu ndi titatu ndipo tonse talowa bwino m'mutu wa RJ45, chifukwa maswichi ena amatumiza magetsi pa timawaya tomwe timanyamula zithunzi pamene ena amagwiritsa ntchito tinato.

Waya wodutsa panja akhale wakuda, wokonzedwera dzuwa, kapena alowe m'paipi, ndipo m'siling'i paipiyo imamutetezanso ku makoswe. Polumikizira pa kamera gwiritsani ntchito kachotsekera madzi kamene kamabwera m'bokosi la kamera, kamene amisiri ena amangokataya. Madzi akalowa pamenepo magetsi akuyenda, timano ta mutuwo timachita dzimbiri lobiriwira m'nyengo imodzi ya mvula.

Ngati kamera ina ili kutali kupitirira mamita 100, monga pageti la famu kapena kukhola, yang'anani swichi yokhala ndi kabatani kolembedwa Extend. Kameneka kamatsitsa liwiro la poti kufika pa 10 Mbps kuti zithunzi zifike mpaka mamita 250. Kamera imodzi imakwana pamenepo ngati mwaiuza kuti isatumize zoposa 6 Mbps kapena cha pamenepo, ndipo pa mtunda wotere waya wa mkuwa weniweni ndi wokakamiza. Kabatani kena kothandiza ndi kamene kamazimitsa ndi kuyatsanso kamera yomwe yasiya kuyankha, kolembedwa PoE Auto Recovery kapena Watchdog, chifukwa kamakupulumutsani kukwera makwerero. Kolembedwa Isolation kapena VLAN kamaletsa mapoti a makamera kulankhulana okhaokha, kuwasiya alankhule ndi uplink yokha, ndiye mukakayatsa pamene NVR mwailowetsa pa poti ya kamera simudzaona chithunzi ngakhale chimodzi.

Swichi yochita kukonza pa kompyuta, yotchedwa managed, pakhomo la makamera ochepa siifunika kwenikweni. Imathandiza amene akufuna kupatula makamera ku netiweki yonse ya m'nyumba kapena kuzimitsa poti ali kutali, koma yongolumikiza n'kuyamba ntchito ndi yotsika mtengo ndipo ilibe zambiri zoti zisokonekere. Maswichi akuluakulu akale ochokera m'maofesi, monga a Cisco a mapoti 24 okhala ndi mawati 370, amagulitsidwa motchipa ndipo amakopa. Ine sindingawaike m'nyumba yogonamo anthu, chifukwa mafani ake amasokosa usiku wonse ndipo swichiyo payokha imadya magetsi ambiri isanayatse n'komwe kamera, zomwe zimapweteka kwambiri pamene mukudalira batire. Yaing'ono yachitsulo yopanda fani ndi yabwino, malinga muiike pamalo podutsa mpweya. Musaiponye m'siling'i pansi pa malata, pamene m'mwezi wa Okutobala pamatentha kuposa zimene maswichi ambiri otsika mtengo anakonzedwera, omwe malire awo amakhala cha pa madigiri 40.

Kwa amene ali ku Malawi ndi ku Zambia, kumene kuzima kwa magetsi a ESCOM ndi ZESCO kuli mbali ya moyo, kusankha swichi sikutha musanaganize za batire, pakuti wakuba amakonda mdima womwewo umene umazimitsa makamera. PoE imafewetsa ntchitoyi chifukwa makamera onse amadyera pamalo amodzi, ndipo mukateteza swichi, NVR ndi rauta mwateteza zonse. Pa chitsanzo chathu, makamera a mawati 32, swichi payokha, NVR ya disiki imodzi ndi rauta zingakwane pafupifupi mawati 60. UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi kopereka magetsi akazima, yokhala ndi batire la 12V 7Ah singafikitse ngakhale ola limodzi pa katundu wotere, ndiye ntchito yake ndi kungodikirira kuti jenereta kapena inveta iyambe. Batire la 12V 100Ah la mtundu wa lead-acid, limene siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, lingakupatseni maola asanu ndi atatu kapena kuposa pang'ono kudzera pa inveta. Amene ali ndi sola angafunefune swichi ya PoE yolandira 12V kapena 24V molunjika kuchokera ku batire n'kukweza yokha kufika pa 48V, chifukwa imapewa magetsi otayika mu inveta, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwererapo. Chenjeraninso ndi timabokosi ta batire togulitsidwira marauta, totchedwa mini UPS. Tambiri tili ndi poti yolembedwa PoE, koma nthawi zambiri imakhala passive ya 15V kapena 24V, ndipo potulukira pake pa 12V sipangayendetse swichi imene adaputa yake imatulutsa 48V kapena 53.5V.

Mphenzi nazo zimapha maswichi ambiri m'nyengo ya dzinja, chifukwa waya wautali wodutsa panja amatola magetsi ngakhale mphenziyo itagwa patali. Maswichi ena amalembedwa kuti amapirira magetsi okwera mwadzidzidzi a 4kV kapena 6kV, ndipo pa awiri ofanana mtengo sankhani wolembedwa zimenezo. Ngati swichi ili ndi kabawuti ka earth kumbuyo, kalumikizeni ku earth ya nyumba, ndipo pa waya wopita pamtengo wa panja kapena ku nyumba ina ikani kachipangizo koteteza ku mphenzi ka pa waya wa netiweki, komwenso sikagwira ntchito popanda earth. Pulagi ya swichi ilowe pa chotetezera magetsi okwera mwadzidzidzi, popeza magetsi akamabwerera atazima amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira.

Mukafika m'sitolo, pemphani kuti akutsegulireni bokosi. Tembenuzani swichi muwerenge chizindikiro cha pansi pake, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi mitundu ingapo, yolembedwa V1, V2 ndi kupitirira, yosiyana mawati. Werenganinso adaputa: chulukitsani V ndi A zolembedwa pa output kuti mupeze mawati ake, ndipo ngati adaputa ya 52V 1.25A, yomwe ndi mawati 65, ili m'bokosi lolonjeza mawati 120, dziwani kuti lonjezolo silingakwaniritsidwe. Pa input pakhale polembedwa kuti imalandira magetsi a 230V, makamaka ngati katunduyo watumizidwa ndi achibale kuchokera ku America kumene magetsi ake ndi a 120V, ndipo wochokera ku South Africa angafunike kusinthidwa pulagi kuti alowe m'masoketi athu a mano atatu amakona. Tengani risiti yolembedwa nthawi ya chitsimikizo ndipo mufunse ngati amalola kubweza.

Musanakhome kamera iliyonse pakhoma, yalani zonse patebulo ndi mawaya aafupi, mulumikize makamera onse, NVR ndi rauta, ndipo muone kuti zithunzi zonse zikutuluka. Kenako zimitsani nyali za m'chipindamo kapena phimbani makamerawo ndi nsalu kuti onse alowe m'ntchito ya usiku nthawi imodzi, ndipo ngati ilipo yotembenuka muitembenuze uku ndi uku. Yang'anani kanyali kolembedwa PoE Max ngati swichi yanu ili nako: kakayaka ndiye kuti mwayandikira malire, ndipo kamera yowonjezera idzafuna swichi ina. Mukamaliza kukhoma bwerezani kuyesaku pa mawaya enieni, ndipo m'mawa mwake mubweze zithunzi za usiku pa NVR muone ngati pali mipata. Mipata ikapezeka pa kamera imodzi yokha, makamaka yakutali, yambani ndi waya ndi mitu yake. Ikapezeka pa kamera ya poti yomaliza ndipo vutolo n'kusamukira ku kamera ina mukasinthanitsa mapoti, ndiye kuti mawati a swichiyo ndi amene achepa, ndipo muibweze nthawi yobwezera isanathe.